Gulugufe wa buluu wa ku Norway ndi mphete yakuda ya maliro

Funso la lero lachokera kwa mayi wina amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds, ku England. Iwo akuti: "Ndinagula tinthu tiwiri pa msika wa katundu wakale. Kena ndi brooch (kokongoletsa kobaya pa chovala ndi pini) ya gulugufe wa buluu, kumbuyo kwake kwalembedwa 925S ndi NORWAY. Kenako ndi mphete yakuda yolembedwa mawu okumbukira munthu womwalira. Wogulitsa anati zonsezi ndi enamel ya antique. Phiko limodzi la gulugufe linathetheka pang'ono. Kodi enamel ndi penti? Ndingadziwe bwanji ngati zili zakale zenizeni, ndipo ndikakonzetse kuti?"

Mayi, tiyambire pa chinthu chimene mukuchidziwa kale. Kwanu kuyenera kuti kunali mbale kapena kapu yachitsulo yoyera, ya mzere wa buluu m'mlomo, ija ikagwa pa simenti imathetheka n'kusiya banga lakuda, bangalo pambuyo pake n'kuchita dzimbiri. Choyera chija sanali penti ayi. Linali galasi lowotcherera pa chitsulo. Enamel ndi imeneyo basi. Kusiyana kwake n'kwakuti pa mbale ya ndiwo analiwotcherera pa chitsulo wamba, pamene pa gulugufe wanuyo analiwotcherera pa siliva, ndipo anasankha galasi loonekera mkati kuti siliva aziwala kunsi kwake.

Mmisiri amatenga zibenthu za galasi la mtundu umene akufuna, n'kuzipera mu kamtondo mpaka zikhale ngati mchenga wosalala. Ufawo amautsuka kangapo, monga mutsukira mpunga, mpaka madzi asiye kuchita mbuu, chifukwa fumbi likatsalamo mtundu umatuluka wa chifunga. Akatero amauyala wonyowa pa chitsulocho ndi nsonga ya nthenga kapena kaburashi, amauumitsa, n'kuulowetsa mu ng'anjo yotentha madigiri 750 mpaka 850 kwa mphindi imodzi, ziwiri, mwina zitatu. Ukasungunuka umakanirira pa chitsulo. Mitundu imachokera ku zitsulo zimene anasakaniza m'galasimo polipanga: cobalt amapereka buluu wozama ngati wa gulugufe wanu, kopa amapereka wobiriwira ndi buluu wotuwirako, ndipo pinki ndi wofiira wina wokongola kwambiri amachokera ku golide weniweni. Chinthu chimodzi chimalowa m'moto kasanu, kasanu ndi kamodzi, ngakhale kupitirira, poyamba mitundu yopirira moto, yanthete pomaliza.

Galasi ndi chitsulo sizifutukuka ndi kukhwinyata mofanana zikamatentha ndi kuzizira, ndipo mavuto onse a ntchito imeneyi gwero lake ndi pamenepa. Ndikuphunzira, ndinawotcha kachitsulo ka kopa kopyapyala mbali imodzi yokha. Kanatuluka mu ng'anjo kokongola, ine n'kuyamba kale kudzitama mumtima. Kakuzizira ndinangomva "thii", galasi lonse lang'aluka pakati. N'chifukwa chake pa zinthu zopyapyala amisiri amawotchereranso galasi kumbuyo, kuti mbali ziwirizo zizikokana mofanana. Mukaona kumbuyo kwa chinthu chakale kuli galasi la mtundu wosadziwika bwino, lamathothomathotho, musati anaononga. Ndi zotsala za mitundu ina zimene anasakaniza kuti zigwire ntchito imeneyo. Pa siliva wochindikala bwino nthawi zambiri safunikira kutero, ndiye musadandaule ngati gulugufe wanu kumbuyo kuli siliva yekha.

Tsono kuthetheka kwa phiko kuja, ngakhale kukukuwawani, ndi mboni yanu yoyamba. Yang'anani pamalopo ndi galasi lokuzira zinthu, kapena jambulani ndi foni n'kukuza chithunzicho. Enamel yeniyeni imabenthuka ngati botolo, m'mphepete mwakuthwa ndi monyezimira, pansi n'kuoneka chitsulo. Penti amasupuka ngati khungu. Palinso china chimene ogulitsa amachitcha cold enamel, chimene kwenikweni ndi utomoni wa pulasitiki wothira mtundu, wosalowa m'moto n'komwe. Chimenecho sichibenthuka, chimangokalika ndi kufwifwa. Gunditsani chinthucho pa mlomo wanu: galasi limazizira, pulasitiki amamveka wofunda. Chigogodeni pang'onopang'ono pa dzino, galasi limalira mouma. Ena amalangiza kukanda ndi singano, koma ine sindikulangizani zimenezo pa chinthu chimene simunadziwe mtengo wake.

Gulugufe wanu ali m'gulu limene amalonda amalitcha guilloché. Mukamupendeketsa pa dzuwa muona timizere pansi pa galasi tikusewera, ngati mchenga wa m'mphepete mwa nyanja umene mafunde aujambula, mukamauona kudzera m'madzi oyera. Guilloché yeniyeni imalembedwa ndi makina opukusa ndi dzanja otchedwa rose engine, amene amazungulitsa chitsulo mokhotakhota uku kampeni kakudula mizere yofanana ndendende. Amene analifikitsa pachimake luso limeneli ndi Carl Fabergé, mmisiri wa zokongoletsa wa ku St Petersburg ku Russia, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1846 mpaka 1920. Dzira lake loyamba lokongoletsa la Isitala anapangira mfumu Alexander III ya ku Russia mu 1885, kuti ikapereke kwa mkazi wake Maria Feodorovna, ndipo kunja kwake linali la enamel yoyera ngati chikamba cha dzira la nkhuku. Amisiri ake anali ndi mitundu yoposa 140. Kuyala galasi loonekera pa malo aakulu ozungulira popanda kathovu kapena kachitsotso ndi ntchito yothetsa nzeru, ndipo iwo ankaichita ngati masewera. Kampani yake inatha boma lachikomyunizimu la Bolshevik litalanda zinthu mu 1918. Dzina limeneli akuba alikopera kwambiri, moti mukapeza chidindo cha Fabergé pa tebulo la msika wa Lamlungu, yambani mwaganiza kuti n'chabodza.

Ndikuuzeni chimene ogulitsa ambiri sanena. Pa agulugufe ambiri a ku Norway mizere ija sinadulidwe umodzi umodzi ndi rose engine. Anaidinda ndi chikombole chachitsulo pamene ankaumba mapikowo, kenaka n'kuyala galasi pamwamba. Zimenezi sizimuchotsera ulemu gulugufe, galasi lake ndi lenileni ndipo linayalidwa ndi manja, koma zikutanthauza kuti anapangidwa ambirimbiri ofanana. Njira yoyala galasi loonekera pa chitsulo chozokotedwa ndi yakale kuposa makinawo. Dzina lake ndi basse-taille. Amazokota chithunzi mosazama, pena pozamirapo pena posaya, ndiye pozama galasi limachuluka n'kuoneka loderako, posaya limawala. Tsiku lina mukapita ku London, loŵani mu British Museum, khomo lake n'laulere, mukafunse Royal Gold Cup, chikho chagolide chopangidwa ku France chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300. Wofiira wake mpaka lero akuoneka ngati wotuluka dzulo m'moto.

Za chidindo: 925S akutanthauza kuti pa magawo 1,000 a chitsulocho, 925 ndi siliva. Ku Norway mumapezanso 830S, siliva wotsikirapo. Yang'anitsitsani pambali pa zilembozo. Mukaona D-A, kaŵirikaŵiri ndi kachizindikiro ka sikelo, ndi wa David-Andersen, kampani imene inayamba mu 1876 mu mzinda umene lero ndi Oslo. Panalinso ena monga Aksel Holmsen ndi Hroar Prydz amene ankapanga agulugufe ndi masamba otere, ndi Marius Hammer wa ku Bergen amene zake ndi zakale kuposa izi. Agulugufe ambiri amene amapezeka m'misika ya ku Britain ndi a m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Apa ndiye wogulitsa uja anawonjezera mchere. Pa malonda amenewa antique ndi chinthu chimene chakwanitsa zaka 100. Chimene chapitirira zaka 20 koma sichinafike 100 amati vintage. Gulugufe wanu ayenera kuti ndi vintage.

Mphete ija ndiyo ingakhale antique, ndipo ndi imene yandikoka mtima. Ku Britain kunali mwambo woti munthu wopeza bwino azisiya ndalama mu wilo yake zopangira mphete zogaŵira abale ndi anzake pa maliro ake. Mwambowu ndi wakale kuposa Mfumukazi Victoria, koma zovala ndi zokongoletsa za maliro zinafala kwambiri mwamuna wake Albert atamwalira mu 1861, iye n'kuvala zakuda moyo wake wonse. Enamel yakuda inali ya wamkulu wapabanja. Yoyera kaŵirikaŵiri inali ya mwana kapena munthu amene anafa asanakwatire. Zina zili ndi kawindo kagalasi, mkati mwake muli tsitsi loluka la malemuyo. Ndikudziŵa kuti kwa ife Achewa kuyenda ndi tsitsi la munthu wakufa pa chala ndi nkhani yochititsa nthumanzi, ndipo ngati mphete yanu ili nalo mudzasankha nokha chochita. Kwa eni mwambowo chinali chikondi chabe, ngati m'mene ife timasungira nsalu ya agogo m'sutikesi.

Kapangidwe ka mphete zotere ndi champlevé. Ganizani za bawo: mmisiri amatenga thabwa lochindikala n'kukumba maenje, makoma a pakati pa maenjewo ndi thabwa lomwelo. Momwemonso apa, amakumba golide mozungulira zilembo, zilembozo n'kutsala zitaima, m'maenjemo n'kudzazamo galasi lakuda, kuwotcha, kenaka kupala mpaka galasi ndi golide zilingane. Yendetsani chikhadabo pamwamba pa zilembo za mphete yanu. Ngati ili ntchito yabwino, chikhadabo sichikodwa paliponse. Mzinda wa Limoges ku France unatchuka ndi champlevé pa kopa m'zaka za m'ma 1100 ndi 1200, popanga mitanda ndi mabokosi a m'tchalitchi. Pali mphwake wa njira imeneyi, taille d'épargne, pamene amangozokota timizere tating'ono n'kuthiramo enamel yakuda, golide wambiri n'kutsala poyera. Imapezeka kwambiri pa zibangili ndi maloketi (timabokosi totseguka tovala m'khosi) a nthawi ya Victoria.

Chenjerani, si chakuda chilichonse chili enamel. Kwanu komweko ku Yorkshire kuli Whitby, kumene kumachokera jet, mwala wakuda wopepuka wochokera ku mitengo ya makedzana, umene ankasema zokongoletsa za maliro. Palinso niello, chosakaniza cha siliva, kopa, mtovu ndi sulufule, chotuwirako ngati mtovu wa pensulo, chimene mudzachione pa zibangili zolembedwa SIAM zochokera ku Thailand.

Mwayi wanu ndi wakuti Angerezi amadinda zitsulo zawo mwadongosolo. Suzumirani mkati mwa mphetemo. Chizindikiro china chimasonyeza mzinda umene anayesera chitsulocho: nangula ndi Birmingham, mutu wa kambuku ndi London, nyumba ya malinga ndi Edinburgh. Mkango woyenda umasonyeza siliva wa 925. Pa golide mupeza nambala ya makarati, muyeso wa kuchuluka kwa golide m'chitsulocho, ndipo pali nambala ziwiri zimene zimaulula zaka: makarati 15 ndi 12 analoledwa mu 1854 n'kuthetsedwa mu 1932, ndiye mphete ya chidindo cha 15 siingakhale ya kunja kwa zaka zimenezo. Mukaona kamutu ka mfumu kapena mfumukazi, ndi chizindikiro cha msonkho chimene chinkadindidwa kuyambira 1784 mpaka 1890. Pamakhalanso chilembo chimodzi choimira chaka, ndipo mndandanda wa zilembozi ulipo m'timabuku totsika mtengo ndi pa intaneti. Ofesi yoyesa ndi kudinda zitsulo ya ku Sheffield, pafupi ndi inu, ikugwirabe ntchito. Mphete zambiri za maliro zimalembedwanso dzina, tsiku lomwalira ndi zaka za malemuyo. Tsiku limenelo liyerekezeni ndi chilembo cha chaka. Zikagwirizana, kapena kusiyana ndi chaka chimodzi, mtima ukhale pansi.

Popeza mwayamba kuyendera misika imeneyi, mudzakumana ndi njira zina, ndiye ndikutchulireni. Cloisonné ndi yotembenuza champlevé: m'malo mokumba maenje, amamanga makoma. Amatenga waya wophwatalala wopyapyala ngati tsitsi, kumupinda kutsata chithunzi, kumuimika pa chitsulo, m'tizipindamo n'kudzazamo mitundu. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: waya amakhala wofanana kunenepa kwake paliponse, pamene makoma okumba amanenepa pena n'kuonda pena. Ndi luso lakale zedi. Ku Kouklia pa chilumba cha Cyprus anafukula mphete zagolide za mtundu umenewu zopangidwa zaka zoposa 1,100 Yesu asanabadwe. Amisiri a mu ufumu wakale wa Byzantium analikuza, ndipo ntchito yawo ikuonekabe pa Pala d'Oro, chokongoletsa chagolide cha pa guwa, mu tchalitchi cha St Mark ku Venice. Ku China amalitcha jingtailan, kutengera mfumu Jingtai ya m'zaka za m'ma 1450. Ku Japan Namikawa Yasuyuki wa ku Kyoto, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, anapanga zinthu za waya wosaoneka bwino ndi maso. Koma zibangili ndi mikanda ya cloisonné imene yadzaza m'misika ndi ya ku China ya posachedwapa, yopangidwa yambirimbiri. Ndi yokongola kuvala, koma musalipire mtengo wa chinthu chosowa.

Imene ine ndimaikonda kuposa zonse ndi plique-à-jour. Apa kumbuyo kulibe chitsulo. Galasi limangolenjekeka m'timafelemu ta golide kapena siliva, kuwala n'kumadutsa, ngati mawindo amitundumitundu a m'matchalitchi akale, koma ochepa ngati chikhadabo. Ena amayala galasi pa kachitsulo kopyapyala kamene pambuyo pake amakasungunula ndi asidi. Ena amadalira kuti ufa wonyowawo udzigwira wokha m'kabowo, monga thovu la sopo limagwirira pakati pa zala, n'kumawotcha mobwerezabwereza mpaka bowo litatsekeka. Zambiri zimasweka zisanathe. Benvenuto Cellini, mmisiri wa golide wa ku Italy, anafotokoza njirayi mu 1568, koma nyengo yake yeniyeni inali ya Art Nouveau, cha m'ma 1890 mpaka 1910, pamene amisiri a ku Paris anatopa ndi kungounjika madayamondi n'kuyamba kupanga mapiko a tizilombo, maluŵa ndi masamba. René Lalique, wobadwa mu 1860 n'kumwalira mu 1945, anagwedeza anthu pa chionetsero cha ku Paris cha 1900. Tombolombo wake wa thupi la mkazi, wa mapiko a galasi ogwedera, ali mu Calouste Gulbenkian Museum ku Lisbon. Georges Fouquet, Henri Vever ndi banja la Masriera ku Barcelona anapanganso zotere. Kuyesa kwake n'kumodzi: kwezani chinthucho pa windo. Kuwala kukapyoza, ndi chimenecho. Dziŵani kuti zambiri zotsika mtengo za siliva ndi timiyala ta marcasite ndi zatsopano zongotengera kalembedwe kakale.

Palinso enamel yojambula ndi burashi, nkhope ndi maluŵa pa galasi loyera, imene Limoges ndi Geneva anadziŵika nayo, makamaka pa mawotchi ndi maloketi. Ndipo ku Jaipur ku India kuli meenakari, kumene mkanda kumaso amaika miyala, enamel yofiira, yobiriŵira ndi yoyera n'kuibisa kumbuyo, mbali yokhudza khungu la wovala.

Pa brooch iliyonse muzitembenuza n'kuona pini. Ya m'zaka za m'ma 1800 imakhala ndi kangoŵe wamba kopindika ngati chilembo C, ndipo nsonga ya pini imatulukira kunja kwa brooch, chifukwa nsalu za nthawiyo zinali zochindikala. Kotsekera kozungulira kamene kamakhoma pini kanafala m'zaka za m'ma 1900. Kumbukirani kuti pini imatha kusinthidwa, ndiye muzionanso ngati pali banga la mtovu lotuwa pamene anamatira yatsopano. Ku Halifax, pafupi ndi Leeds, kunali fakitale ya Charles Horner, ndipo ma brooch ake a siliva ndi enamel ya buluu wosakanikira ndi wobiriŵira, olembedwa C.H., ambiri odindidwa ku Chester, amapezekabe m'dera lanulo. Ofesi ya ku Chester inatsekedwa mu 1962.

Tsopano za kukonzetsa. Yankho langa ndi lakuti phiko lija musiye momwemo. Kuti enamel ibwerere mwakale iyenera kulowanso mu ng'anjo, ndipo moto umenewo umasungunula zomatira za pini, umadetsa siliva, umasintha mitundu yoyandikana nayo. Kaŵirikaŵiri amayenera kuchotsa galasi lonse la phikolo n'kuyamba pachiyambi, ndipo buluu wa lero safanana ndendende ndi wa kale, popeza magalasi ambiri akale anali ndi mtovu umene unkawapatsa kuwala kwina. Mtengo wa ntchito imeneyi ungapose wa gulugufe yense. Okonza ambiri amangodzaza pobenthukapo ndi utomoni wa mtundu wofanana. Zimenezi zimabisa bala ndi kuteteza kuti lisakule, ndipo si zoipa ngati mwauzidwa, koma utomoniwo umafwifwa pakapita zaka, ndipo pa tochi ya UV umaonekera. Mukadzafuna kugulitsa, mudzanene kuti panakonzedwa.

Pa mphete ndiye ndikuchondererani: musaipereke kuti akaikuze kapena kuichepetsa. Mayi wina anandibweretsera mphete yotere ya apongozi ake atapita nayo kwa wosula wina amene anaidula n'kuiwotcherera ndi tochi ya gasi ngati mphete wamba ya ukwati. Galasi lakuda linathetheka kuzungulira, theka la dzina la malemu n'kutsala golide yekha. Enamel ya pa mphete siilola kupindidwa ngakhale pang'ono. Ngati siikukwanani pa chala, ikoloŵekeni pa tcheni muzivala m'khosi.

Potsuka, madzi ofunda pang'ono, kadontho ka sopo wotsukira mbale ndi mswachi wofewa wa mwana zakwana, kenaka kupukuta ndi nsalu yofewa mpaka ziume. Musaziike m'makina otsukira ogwedeza madzi aja a m'masitolo a mphete, kapena m'madzi otentha, kapena m'mankhwala oviikamo siliva, chifukwa amaloŵa m'ming'alu n'kudetsa pansi pa galasi pamene simungafikepo. Siliva wa kumbuyo mupukuteni ndi kansalu kopukutira siliva, pamaso pa mapiko osakhudzapo. Mphete ikakhala ndi kawindo ka tsitsi isaloŵe m'madzi n'komwe, chinyezi chikaloŵa mkatimo chimachita nkhungu. Chilichonse chizikhala m'kathumba kakekake, chisamagundane ndi makiyi kapena ndolo zina. Ndipo pa ntchito yanuyo, pamene mukunyamula anthu ndi kusamba m'manja kosalekeza ndi sanitizer, zonse ziwiri zizitsala kunyumba. Gulugufeyo mubayeni pa jekete la ku tchalitchi, cham'mwamba pafupi ndi kolala, pamene lamba wa galimoto ndi chingwe cha chikwama sizidutsa.